Kuyenda pa matanthwe a Seven Sisters n'kubwerako ndi zithunzi zooneka bwino

Chithunzi chake mwina munachionapo pa Facebook kapena pa kalendala: tinyumba tingapo pachitunda, kuseri kwake matanthwe oyera mbee atandandalika m'mphepete mwa nyanja. Malowa ndi Seven Sisters, ku East Sussex, kummwera kwa England, ndipo wochokera ku London atha kupita m'mawa n'kugona kwake tsiku lomwelo. Koma anzathu ambiri okhala kuno ku Britain amabwerako okhumudwa. Matanthwe atuluka otuwa pachithunzi, nkhope zada bii mpaka osadziwika kuti uyu ndani, ena akafika pamtsinje wa Cuckmere n'kupeza kuti palibe mlatho, ena athera pakati panjira mapazi ali matuza okhaokha.

Zambiri mwa izi zimayamba ndi mbali imene mwayambira ulendo. Anthu ambiri amatsikira ku Seaford, tauni ya kumadzulo kwa matanthwewa, m'mawa n'kulowera ku Eastbourne, tauni ya kummawa kwake. Vuto lake n'lakuti matanthwewa anayang'ana kummwera chakumadzulo, choncho m'mawa amakhala mumthunzi, dzuwa lili kutsogolo kwa kamera yanu. Ine ndikukulangizani kutembenuza ulendowu: yambirani ku Eastbourne, mukathere ku Seaford. Mudzakwera chitunda chachikulu miyendo idakali ndi mphamvu, ndipo pamalo a chithunzi chija mudzafikapo masana dzuwa litapendeka, likuwomba matanthwewo maso ndi maso. Chowawa chake n'chakuti mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kummwera chakumadzulo, ndiye idzakuwombani kumaso tsiku lonse. Kwa munthu wofuna zithunzi, mphepoyo ndi yopiririka.

Mtunda wonse ndi pafupifupi makilomita 22. Mukawerengera kupuma, kudya ndi kujambula, ikani maola 7 kapena 8.

## Zofunika kutenga

- Nsapato zokhala ndi mapazi ogwira pansi, zimene munazivalapo kale kangapo. Mwala wa choko ukanyowa umaterera kwambiri. Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba.
- Masokosi okhuthala, ndi ena apadera m'chikwama.
- Jekete yotchinga mphepo ndi mvula, ngakhale kutacha bwino. Ambulera musavutike nayo, mphepo ya pamwambapo imaithyola.
- Juzi yopepuka yoti muzivala ndi kuvula.
- Madzi osachepera malita 2 munthu aliyense, ndi kamba wokwanira: buledi, mazira owiritsa, mtedza, nthochi. Tiyi wa mufulasiki amathandiza nyengo yozizira.
- Foni yodzaza moto ndi pawabanki. Kuzizira ndi kujambula zimadya batire msanga.
- Mapu. A pepala ndi a Ordnance Survey, nambala OL25, a dera la Eastbourne ndi Beachy Head. Ngati mudalira foni, koperani mapuwo muli kunyumba chifukwa m'zigwa zina netiweki imathawa.
- Kansalu kofewa kopukutira galasi la kamera.
- Mapulasitala a matuza, chipewa chomanga kuchibwano, mafuta oteteza khungu kudzuwa, ndi kathumba kobwezeramo zinyalala.
- Tochi, ngati mukupita pakati pa Okutobala ndi Malichi.

## 1. Sankhani tsiku poyang'ana mphepo, dzuwa ndi madzi

Tsegulani tsamba la Met Office, bungwe lolosera zanyengo kuno, lembani Eastbourne, ndipo musayang'ane mvula yokha. Onani liwiro la mphepo ya mkuntho, limene amalilemba m'mamailosi pa ola. Ikamafika 35 kapena 40, sinthani tsiku. Pamwamba pa matanthwe palibe mtengo kapena khoma lobisalapo. Akalosera chifunga, sinthaninso, chifukwa simudzaona matanthwe ndipo simudzaonanso pamene nthaka yathera.

Kenaka onani nthawi yolowa dzuwa. Mu Juni limalowa itadutsa 9 koloko usiku, koma mu Disembala 4 koloko isanakwane kumakhala kutayamba kuda. Ulendo wonsewu ndi wa pakati pa Epulo ndi Seputembala. Miyezi inayo chitani waufupi umene ndaufotokoza kumunsiku.

Chachitatu ndi madzi, ndipo apa ndi pamene ife okulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi timapusitsika. Kwathu ku Salima kapena ku Nkhata Bay, pamene madzi ali m'mawa ndi pomwe mudzawapeze madzulo, kupatula mafunde a mwera. Nyanja ya kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo imakwera mamita angapo. Gombe limene mwayendapo 11 koloko likhoza kukhala pansi pa madzi 3 koloko. Fufuzani pa intaneti nthawi ya kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ku Eastbourne kapena ku Newhaven pa tsiku lanulo, ndipo ilembeni papepala.

## 2. Gulani tikiti yoyenera

Sitima zopita ku Eastbourne zimanyamukira pa London Victoria ndipo zimatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Khadi la Oyster, lolipirira maulendo a mu London, silifika kumeneko. Pobwerera mudzakwerera pa Seaford, pa njanji ina imene imakumana ndi ya Eastbourne pa Lewes. Choncho gulani tikiti yopita ndi kubwera ya Eastbourne, muwonjezere ina yochokera ku Seaford kufika pa Lewes. Mukakhala atatu kapena kuposerapo, funsani za GroupSave, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo pa nthawi imene sitima sizidzaza.

Chenjezo: Lamlungu njanji amakonda kuikonza, ndipo m'malo mwa sitima amaika mabasi ochedwa. Onani pa tsamba la za sitima la National Rail usiku woti mawa ulendo. Yesetsani kufika ku Eastbourne 9 koloko kapena 10 koloko isanakwane.

## 3. Kuchokera pasiteshoni kukwera ku Beachy Head

Tsikirani kunyanja, mukhotere kudzanja lamanja, muziyenda nyanja ili kumanzere kwanu mpaka pamene msewu wa m'mbali mwa nyanja wathera patsinde pa chitunda cha udzu. Pamenepo ndi pothera South Downs Way, njira ya makilomita 160 yochokera ku Winchester. Chizindikiro chake pamitengo ya m'njira ndi kanjere koyera kovala kachipewa. Muvi wachikasu ndi njira ya oyenda pansi okha, wabuluu mumagawana ndi a njinga ndi a akavalo.

Chitundachi n'chowawa. Kwerani pang'onopang'ono, vulani juzi musanayambe thukuta. Pamwamba pake ndi Beachy Head, mamita 162 kuchokera pamadzi, ndipo ku Britain konse kulibe thanthwe lina la choko la m'mphepete mwa nyanja lotalika kuposa limeneli. Kumunsi, m'madzi momwemo, kuli nsanja yowunikira sitima za pamadzi, ya mizere yofiira ndi yoyera imene inayamba kugwira ntchito mu 1902.

Nsanjayi musaijambule muli pamwamba pake penipeni, chifukwa kuti muione pamenepo mpaka musuzumire. Pitirirani kumadzulo, njira ikatsetsereka mutembenuke. Idzaonekera yokha pambali pa thanthwe inu muli patali ndi phompho.

Mwina mudzaonanso timitanda ndi maluwa m'mbali mwa njira. Ndi zikumbutso za anthu amene anatayira moyo wawo pamenepa, ndipo abale awo amabwerabe. Dutsanipo mwaulemu, musaimepo kudzijambula.

## 4. Lamulo la kuphompho

Ili ndi gawo limene ndikupemphani muwawerengere onse amene mukupita nawo, ana omwe.

M'malo ambiri mulibe mpanda. Udzu umangopitirira wobiriwira bwino mpaka kuthera m'malere. Choko ndi mwala wofewa: mafunde amaudya kunsi, mvula imalowa m'ming'alu, chisanu chimaung'amba, ndipo chigamphu chachikulu chimatha kugumuka tsiku lopanda mphepo n'komwe. Pamene mukuona ngati nthaka yolimba pakhoza kukhala kadenga ka udzu kopanda kanthu pansi pake, ndipo muli pamwamba simungadziwe.

Siyani mamita osachepera 5 pakati pa inu ndi mphepete, ndiye kuti mapazi akuluakulu 6 kapena 7. Mukaona mng'alu m'nthaka wotsatana ndi mphepete, musaudumphe. Musakhale pansi miyendo ili lende kuphompho, ngakhale muone ena akuchita. Musabwerere chafutambuyo maso ali pafoni pofuna kuti onse akwane pachithunzi. Wojambula ndiye aziima mbali ya kumtunda, ndipo asauze mnzake kuti "sunthira kumbuyo pang'ono" asanaone chimene chili kumbuyoko. Mu 2017 mtsikana wina wa ku South Korea, wophunzira wa zaka 23, anagwa n'kufa pa matanthwe omwewa akudumpha kuti amujambule ali m'mwamba.

Chipewa chikauluka, chisiyeni chipite. Ana agwireni padzanja, galu akhale pachingwe. Wina akagwa kapena madzi akamutsekereza kunsi, imbani 999 n'kunena kuti mukufuna Coastguard, opulumutsa anthu kunyanja. Musatsike kukamutenga nokha.

## 5. Belle Tout ndi Birling Gap

Mukayenda makilomita atatu kapena kuchepera mudzafika pa nsanja yakale ya Belle Tout, imene inayamba kuwunikira mu 1834. Mu 1999 anaikankha yonse yathunthu mamita 17 kubwerera kumtunda chifukwa phompho linali litaiyandikira. Pano ndi nyumba yogona alendo. Mukangoidutsa, Seven Sisters yense adzaonekera kutsogolo kwanu, ndipo apa pali chithunzi chabwino chimene ambiri amachidutsa pothamangira chimbudzi.

Kumunsi kwake ndi Birling Gap, malo osamalidwa ndi National Trust, bungwe losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale. Pali zimbudzi, pogulitsira tiyi ndi chakudya, ndi masitepe achitsulo otsikira kugombe. Mzere wa nyumba zakale uli pamenepo wafupika chifukwa zina anazigwetsa nyanja itafika pakhonde, ina mu 2014. Idyani pano, dzazani mabotolo, pitani kuchimbudzi. Kutsogoloku simupezanso china mpaka ku Exceat, m'chigwa cha mtsinje wa Cuckmere.

Tulutsani pepala lija la madzi. Ngati nyanja ikuphwa, tsikani masitepe. Gombe lake ndi la nsangalabwi, lopanda mchenga kumtunda, ndipo madzi akaphweratu pamaoneka miyala yoyera yafulati yokhala ndi tizithaphwi. Gwadani pafupi ndi chithaphwi chimodzi, foni ikhale pafupi ndi madzi, matanthwe adzaoneka kawiri, kumwamba ndi m'madzimo. Koma musakhale kapena kudyera patsinde pa thanthwe, miyala imagwa kuchokera pamwamba. Ndipo musayese kuyenda pagombe kulowera ku Cuckmere: pakati ponsepo palibe pokwerera, madzi akabwera mulibe kothawira. Ngati nyanja ikudzaza, jambulani muli pamasitepe basi.

## 6. Zitunda zisanu ndi ziwiri zija

Kuchoka pa Birling Gap njira imakwera pakati pa nyumba zochepa, kudutsa pageti, n'kutulukira pa udzu. Kuyambira apa ndi kukwera ndi kutsika kokhakokha kwa makilomita pafupifupi 4. Mukawerenga bwino mudzapeza nsonga 8, choncho musataye mtima mukaona chitunda china mutawerenga kale 7. Chomaliza, Haven Brow, ndicho chachitali, mamita 77.

Potsika ndi pamene maondo amalira. Fupikitsani mapazi, yendani mokhotakhota, pondani pa udzu m'malo mwa choko choyera choterera. Mukangomva kutentha pachidendene, imani pomwepo muike pulasitala thuza lisanatuluke.

Muno mumadya nkhosa ndi ng'ombe. Geti mulisiye mmene mwalipezera, lotseka litsekeni, lotsekula lisiyeni. Ng'ombe yokhala ndi mwana ilambalaleni patali, koma polambalala musalowere mbali ya kuphompho.

## 7. Mtsinje wa Cuckmere: zungulirani

Muli pa Haven Brow mudzationa tinyumba tija tsidya lina, pafupi kwambiri. Pakati pali mtsinje wa Cuckmere pamene ukuthira m'nyanja, ndipo mlatho palibe. Mudzaona ena atavula nsapato akuwoloka. Musawatsatire. Madzi ake ndi ozizira, amathamanga, pansi pali miyala yoterera, ndipo kuya kwake kumasintha ndi kudzaza kwa nyanja.

Tsatirani chizindikiro cha kanjere chija kutsikira m'chigwa, muyende kumtunda makilomita pafupifupi 2 mpaka pa msewu wa A259 pa Exceat. Panjirapo mtsinje wakale unakhotakhota mokongola m'dambo, ndipo mukaujambula muli pachitunda umaoneka bwino kuposa muli pansi. Pa Exceat pali zimbudzi ndi poimira basi. Khoterani kumanzere, tsatani kanjira ka m'mbali mwa msewu, wolokani mlatho mosamala chifukwa magalimoto ndi ambiri, ndipo pa Cuckmere Inn mukhoterenso kumanzere kubwerera kunyanja. Kuzungulira konseku kumadya ola limodzi kapena kuposerapo.

Apa dzifunseni moona. Ngati miyendo yatha kapena dzuwa latsala pang'ono, kwerani basi nambala 12, imene imayenda pakati pa Brighton ndi Eastbourne kudzera ku Seaford. Tinyumbato mudzatipeza tsiku lina.

## 8. Kujambula chithunzi chija

Mukafika pa tinyumba ta Coastguard Cottages musaime pomwepo. Muli anthu okhalamo, choncho musalowe m'mabwalo awo kapena kutsamira mipanda. Pitirirani kukwera njira ya miyala yolowera ku Seaford Head mamita 100 kapena 200, kenaka tembenukani.

Cholakwika chachikulu apa ndi kujambula ndi galasi lotambalala la foni, lija la 1x kapena 0.5x. Limakankhira matanthwe kutali, n'kuoneka ngati kamzere koyera. Imani patali ndi tinyumbato, musankhe 2x kapena 3x. Matanthwe adzakula n'kuima kuseri kwa madenga. Pa kamera yeniyeni, galasi la pakati pa 50mm ndi 100mm ndi lokwana, pa f/8 ndi ISO 100. Musakoke ndi zala kupitirira pamene galasi la foni yanu limathera, chithunzi chimangophwanyika.

Chitani izi motsatana:

Pukutani galasi. Mphepo ya kunyanja imasiya mchere, ndipo chithunzi chimatuluka ngati chajambulidwa muutsi.

Yatsani mizere yothandiza kuwongola chithunzi, imene imapezeka m'makonzedwe a kamera. Mzere wa nyanja ukhale wowongoka. Uikeni chakumwamba, kuti njira ndi tinyumba zitenge malo ambiri.

Dinani pa thanthwe loyera pasikirini, kenaka tsitsani kuwala pang'ono ndi chala mpaka mizere ndi ming'alu ya m'thanthwemo ioneke. Mukadina pa udzu, foni imawalitsa zonse ndipo thanthwe limangokhala chigamba choyera chopanda kanthu, chosakonzeka ngakhale pakompyuta. Pa kamera tsitsani ndi -0.3 kapena -0.7.

Tsopano nkhani ya nkhope, imene imativuta ife akhungu lakuda. Kamera ikaona choyera chambiri kumbuyo imachepetsa kuwala, ndipo nkhope imamira. Mukadina pankhope, thanthwe limapsa. Mankhwala ake ndi dzuwa lomwelo la masana: likhale kumbuyo kwa wojambula, chapambali pang'ono, kuti liwombe nkhope ndi matanthwe nthawi imodzi. Wojambulidwa atembenukire kudzuwa pang'ono, akweze chipewa chisaphimbe maso. Muyandikireni kuti aoneke kuyambira m'chiuno, nkhope itenge malo okwanira. Dinani pankhope, gwiritsitsani chala mpaka foni itseke muyeso wa kuwala, ndiye tsitsani pang'onopang'ono kufikira thanthwe litayamba kuoneka koma maso akuonekabe. Kukakhala mitambo, yatsani fulashi ngakhale ndi masana, mutaima mamita awiri kuchokera kwa munthuyo. Mnzanu atavala malaya oyera kapena atatambasula nsalu yoyera chapambali, kunja kwa chithunzi, amabwezeranso kuwala kunkhope. Zovala zofiira, zachikasu kapena chitenje chowala zimaoneka bwino kwambiri pa udzu wobiriwira ndi thanthwe loyera. Jekete yakuda imangomeza munthu.

Musanachoke, kulitsani chithunzi pasikirini muone ngati maso ali akuthwa. Mitambo ikaphimba dzuwa, dikirani mphindi 10, kuno imayenda msanga. Maola awiri omaliza dzuwa lisanalowe matanthwe amasanduka achikasu, koma kumbukirani kuti kutsogolo kudakali ulendo wa ola limodzi ndi theka.

## 9. Kutsikira ku Seaford

Tsatani njira ya m'mphepete kudutsa Hope Gap, kukwera Seaford Head, kudutsa m'mbali mwa bwalo la gofu. Lamulo la mamita 5 likugwirabe ntchito, makamaka tsopano pamene mwatopa. Mukatsika, yendani m'mbali mwa nyanja kudutsa nsanja yozungulira ya Martello, mukhotere kumanja kulowa m'tauni. Kwerani sitima, musinthe pa Lewes.

Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa kuseri kwa maondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Zina zimafalitsa matenda a Lyme. Mukaipeza izuleni yonse ndi kachitsulo kozulira, ndipo pakatuluka chizindikiro chozungulira pakhungu kapena mukamva malungo, kaonaneni ndi dokotala.

## Ulendo waufupi, wa ana ndi akuluakulu

Tsikirani ku Seaford masana, kwerani basi nambala 12 mpaka pa Cuckmere Inn, yendani makilomita awiri kukafika pa tinyumba tija, jambulani, bwererani njira yomweyo. Nyengo ya mvula njirayi imachita matope.

## Zolakwika zofala

Kunyamuka mochedwa. Wofika ku Eastbourne 1 koloko masana sangamalize bwino, ayambire pa Exceat.

Kuvalira chithunzi m'malo movalira ulendo. Chovala chokongolacho chiikeni m'chikwama, mukavale pamwamba mukafika pojambulira.

Kuganiza kuti poti kukuzizira dzuwa silipsereza. Choko ndi madzi zimabweza kuwala, ndipo khungu lakuda nalonso limapsa, makamaka pamphuno ndi pakhosi.

Kugawana botolo limodzi la madzi anthu atatu.

Kuulutsa kandege kojambulira. Pamalo a National Trust salola popanda chilolezo.

Kutha batire ndi mavidiyo m'mawa, tikiti ya sitima ili mufoni momwemo. Ikatsika kufika theka, lumikizani pawabanki.

Kusiyana pagulu. Othamanga amatsogola, wotopa n'kutsala yekha kumbuyo kopanda netiweki. Gwirizanani musananyamuke kuti muzidikirana pa Belle Tout, pa Birling Gap ndi pa Exceat, ndipo uzani wina wotsala kunyumba nthawi imene mukuyembekeza kufika pa siteshoni ya Seaford.